Zimene Anapeza M'magazi Mwanga

Kawale, Lilongwe

Achemwali anga a Laila,

Salaam aleikum. Muli bwanji ku Thuchila kumeneko, inu, alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi ukutupabe? Ine kuno ndilipo. Ndimadzuka, kupita kuntchito, kubwerako n'kugona. Chiikireni m'manda amuna anga a Hussaini, masiku onse amangofanana.

Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi sindingathe kuinena pafoni. Akupatsani a Bizwick, aja amabweretsa zinanazi kuno.

Munandiuza kuti adokotala akufuna akuyezeni magazi chifukwa cha chizungulire chanu chija, koma mukuopa. Palibe choopsa, pitani. Inenso andiyeza sabata yatha. Kuhotela kwathu aliyense wogwira chakudya amayezedwa chaka ndi chaka, ndiye anatitumiza kuchipatala tonse a kukhitchini.

Anati tisadye kanthu m'mawa, timwe madzi okha. Kwa ine sizinavute, njala sindikuimva masiku ano. Tili pabenchi kudikira, anzanga ankaseka a Godwin, wophika wathu wamkulu, bambo wozinga mbuzi yekha koma thukuta lili kamukamu kuopa singano. Ndinkaona ndithu kuti n'zoseketsa, koma kuseka sikunabwere.

Nesi wake anali mayi wofatsa, a Millie. Anandiuza kuti ndipinde mkono wa diresi, n'kundimanga mphira pamwamba pa chigongono. Anati ndifumbate dzanja kuti mtsempha uonekere, n'kupukutapo ndi thonje lozizira la sipiliti, kenako analowetsa singano. Anzanga akuti imaluma ngati linthumbu. Ine ndinangoyang'ana magazi akulowa m'timabotolo ngati ndi a munthu wina. Satenga ambiri, mwina supuni imodzi. Akatha mumapanikiza thonje pamalopo, basi. Panga panada pang'ono koma patha.

Tsiku lokatenga zotsatira, anzanga anawapatsira pawindo n'kumapita. Ine a Millie anandiitanira m'kachipinda n'kutseka chitseko. Anati magazi anga ndi ochepa, ndiye anafunsa kuti kumwezi ndinapita liti komaliza. Tsiku lake sindinalikumbukire. Chichitikireni maliro sindinalabadireko, ndinkangoti ndi chisoni chasokoneza thupi. Anandipempha kuti ayezenso mkodzo, ndinavomera.

Ndili ndi pakati, achemwali. Akuti miyezi itatu yakwana.

Mukudziwa zaka zonse zija tinkayenda m'zipatala ndi kwa ashehe, osaphula kanthu. A Millie ankamwetulira, nati bambo a kunyumba akadumpha lero. Ndinawauza kuti bambowo anagundidwa ndi lole ali panjinga yawo ya kabaza. Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Ine maso anali pa kalendala ya pakhoma, yojambulidwa mwana akulandira katemera. Anandipatsa mapiritsi oonjezera magazi ndi tsiku loyamba sikelo. Ndinabwerera kuntchito n'kusenda mbatatesi mpaka madzulo.

Ashehe a kuno akuti eda yanga, nthawi ija mkazi wamasiye amadikira, tsopano idzatha tsiku lobadwa mwanayo. Abwana sindinawauze. Eni nyumba akufuna chipinda chino mwana wawo akamakwatira, ndiye ndiyenera kusaka kwina, koma sindinayambe.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite ku Chitakale kwa apongozi anga, amayi awo a Hussaini, mukawauze pamaso. Mawu aja ankandinenera, oti ndikungodya za mwana wawo osabereka, inunso munawamva. Sindinasunge mangawa. Mwana wamwamuna anali yemweyo, ndipo pamaliro ankangoti mbewu yawo yatha. Asamve pafoni kapena kwa anthu a pamsika. Mudikire akhale pansi kaye, mtima wawo suli bwino. Akakalira mukalire nawo m'malo mwanga, poti ine misozi ikukana.

Mundiperekere moni kwa amayi, nkhaniyi muwauze madzulo akatha kuswali. Moni kwa alamu, kwa amalume a Makawa ku Likhubula, ndi kwa ana onse. Sabrina mumuuze kuti nsapato zake zija sindinaiwale.

Musandifunse ngati ndakondwa, sindikudziwa. Mapiritsi ndikumwa, ndipo kuyambira dzana ndikumadya, ngakhale sindikumva kukoma.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Asima