Zipolopolo Zilibe Basela

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Joniko. Kuno tilipo, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Chiphaso cha mfuti chija chinatuluka. Lachiwiri ndinapita ku Blantyre kukagula zipolopolo, poti anyani a m'phiri anatsala pang'ono kumaliza chimanga cha amayi. Bambo wam'sitolomo anandifunsa kuti, "Mayi, mfuti yanu ndi ya saizi yanji?" Ine, ndi digiri yanga yonseyi, ndinatambasula manja ngati ndikuyeza nsalu. Iye anangoti, "Tatipatsani chiphasocho, tiwerenge tokha."

Atandipatsa kabokosi ndinati, "Nanga basela?" Mukudziwa kuti mumsika wa Zomba sindinachokemo popanda tomato woonjezera. Bamboyo anaseka mpaka kugwira kauntala. "Mayi, chipolopolo chilichonse chimalembedwa m'dzina lanu. Chaulerecho mukachifotokoza bwanji kupolisi?" Taonani chipongwe! Munthu kuchoka ku Zomba konse, n'kubwerako wopanda ngakhale kamodzi kapamwamba!

Loweruka a Mbewe, msilikali wopuma uja, anandiperekeza kumunda. Ndinawombera pachulu kamodzi kokha. Phewa likundiwawa mpaka lero, koma anyani anathawira kumtunda ndipo sanabwerenso. Chaka chino amayi akolola.

Chonde munditumizire zotsekera m'makutu, chifukwa khutu lakumanja likulirabe. Amayi akuti mubwere chimanga chisanaume, adzakuotchereni okha. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati