Majombo a Dong-pil Pakhomo

Okondedwa achemwali Yong-sun,

Muli bwanji ku Mokpo kumeneko? Nanga msana wa alamu unasiya kuvuta? Ine kuno ku Daegu ndilipo, miyendo ndi yomwe ija yosamva kanthu. Kimchi, ndiwo ya kabichi munatumiza ija, inafika, koma ndikudya ndekha, n'chifukwa chake ndakulemberani.

Dong-pil, wowotcherera zitsulo uja munamuona pamaliro a amayi, wakhala akugona kuno kwa miyezi ndithu. Musandikalipire. Ndi amene amandinyamula kundiika m'bafa, ndiponso amapukuta mateyala a njinga yanga ya olumala ndisanalowe nayo m'nyumba.

Chovuta ndi lamulo. Aboma akangodziwa kuti tikukhala limodzi, malipiro ake aziwerengedwa ngati anganso. Thandizo la ulumali alidula, la lendi litha, ndipo nyumba ino ya zitseko zotakasuka indipulumuka. Malipiro akewonso ndi a chiyani? Kwawo ndi kachipinda kam'mwamba, kulibe chikepe. Ndizikwera ndi mano?

Lachiwiri, tsiku lake lopuma, kunatulukira mayi wa ku ofesi ya chisamaliro. Tinachita phuma. Mswachi wake ndinaukhalira, jekete tinaiponya m'firiji ya kimchi, mwini wake n'kukabisala pakhonde kuseri kwa zovala zoyanika. Koma kuleredwa bwino kumapweteketsa, achemwali. Majombo ake anali atawaika bwinobwino pakhomo monga mwa masiku onse, ndipo tonse tinawaiwala.

Mayi uja povula nsapato zake anaziika pambali pa majombowo. Anayang'ana majombo, kuyang'ana timapazi tanga, n'kufunsa kuti ndi a yani. Ine pakamwa panangotuluka kuti ndi a alamu anga, anawaiwala. Anati adzawaimbira foni kuti atsimikize.

Dong-pil anamva zonse. Mayiyo atapita, sanakalipe. Anangoti sankadziwa kuti iye ndi wobisidwa ngati mphaka m'nyumba yoletsa ziweto. Ine ndi mkwiyo ndinamuuza kuti iye ali ndi miyendo yothawira, nanga ine akandichotsa pano ndilowera kuti?

Akubwerabe akaweruka. Amanditengera mankhwala ndi zipatso, n'kuima pakhomo pomwepo osavula majombo. Ndikati alowe, amati sakufuna kundiluzitsa nyumba. Zikundinyansa, achemwali. Ndinapempha ulumali ine? Anthu ena onse amakondana ulele, ine ndilipire ndi denga?

Ndinayamba kalatayi kuti ndipemphe alamu adzavomere bodza langa. Ndasintha maganizo. Foni ikalira, anene zoona kuti majombowo si awo. Ndatopa, ndikufuna munthu uja avule nsapato.

Pempho langa ndi limodzi. Tengani tepi muyeze chitseko cha chipinda chanu chosungiramo katundu chija, mundiuze ngati njinga yanga ingalowe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Hye-ran