Maswiti a Madala

Lolemba, 6 Meyi

Mdzukulu wanga Kaliwiro wabwerako kothamanga ali ndwii. Wazungulira bwalo katatu, kachinayi wathamangira kuchimbudzi. Anzake ayamba kumutcha Ekisipulesi. Loweruka kuli mpikisano wosankha timu, ndipo kochi wanena poyera: m'mimba mukatsegukanso, malo apita kwa wina.

Mkaka ndinamuchotsera. Kenako nyemba, kabichi, anyezi, chilichonse sabata yake. Palibe chasintha. Ndiye chilipo chimene akudya ine osaona.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndimakayikira ufa wapinki umene kochi amawasungunulira m'mabotolo, ndiye ndapita kubwaloko. Amwa atsikana khumi ndi awiri, wothamangira kuchimbudzi mmodzi. Wathu. Ufa ndaukhululukira. Koma mtsikana wina wamtali, amene akulimbirana naye malo, ndiye amamugwirira botolo. Chikondi chanji chimenecho?

Lachitatu, 8 Meyi

Botolo ndagwira ndekha. Chimodzimodzi.

Mpongozi wanga, mayi wake wa Kaliwiro, akuti, "Amayi, mwina ndi mantha chabe." Kwa iye zonse ndi mantha. Madzulo ndamuitanira Kaliwiro kuchipinda, ndamufunsa funso lija timafunsa atsikana. "Agogo! Ine ndi ndani?" Waseka mpaka manyazi andigwira ine.

Lachinayi, 9 Meyi

Nkhani ina. Maswiti a amuna anga, Madala, opanda shuga aja timawagulira kufamase chifukwa cha matenda awo, akutha msanga. Amayenera kudya awiri patsiku, koma paketi ikuchepa ndi asanu ndi atatu. Mpongozi? Kabati imeneyo amaipukuta pafupipafupi. Ndafunsa Madala eni ake. Akuti, "Mayi, inu mudzawerenga ndi mpweya womwe." Sanandiyang'ane kumaso.

Lachisanu, 10 Meyi

Pochapa kabudula wa Kaliwiro ndapeza timapepala ta maswiti m'kathumba. Tisanu ndi kamodzi. Ndavala magalasi, ndatembenuza paketi. Pansi penipeni, tizilembo ngati nyerere: ukadya ambiri amatsegula m'mimba. Wa kufamase wavomereza. Akuti zotsekemera zimene amaika m'malo mwa shuga matumbo ena sazifuna, makamaka munthu akamathamanga.

Madala sanakane. Amamupatsira pakhomo tsiku lililonse, ati a mphamvu. "Mwanayu mwamulanda zonse. Ndimati opanda shuga angalakwe chiyani?" Ndipo anapangana kuti ine ndisamve, poti ndingawaletse.

Ine kulonda kochi, kulonda mwana wa eni, mdani ndikugona naye chipinda chimodzi!

Loweruka, 11 Meyi

Mpunga woyera, dzira, nthochi imodzi, m'mawa ndithu kuti zitsike. Pakhomo dzanja la Madala lalowa m'thumba mwa chizolowezi. Ndatsokomola. Latuluka lopanda kanthu, langomugwira mwana paphewa.

Kubwalo ine maso anali pa chitseko cha chimbudzi. Wachidutsa ulendo uliwonse osacheuka. Wamtali uja woyamba, wathu wachiwiri, ndipo amatenga atatu. Akumbatirana.

Madala akupukuta misozi ndi chipewa. Ndapisa m'thumba mwawo, ndawasendera switi.

"Imodzi," ndatero.