Msilikali Akafika pa Mlatho

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kupatula mawondo a amayi amene sakugwirizana ndi kuzizira.

Mukuikumbukira filimu ija ya msilikali wa diso limodzi wofunafuna hatchi yake? Ija abambo ankaizimitsa msilikaliyo akangofika pa mlatho, n'kumati tepi inaonongeka kuyambira pamenepo? Inu munkalira mpaka mamina, musakane.

Chimwalirireni abambo, amayi akhala akuilakalaka. Ndinazungulira mashopu onse, koma kulikonse ankandiseka, akuti filimu yosadziwika dzina saifufuza. Sabata yatha ndinaipeza tepiyo pansi pa sutikesi ya abambo, itakulungidwa m'malaya akale.

Ndinapita nayo kwa wokonza mawailesi wa kuseri kwa msika, amene akadali ndi deki yoonetsera matepi a filimu. Tinaonera awiriwiri, ine nditakhalira TV yakufa. Msilikali atafika pa mlatho ndinamuuza kuti asazimitse, hatchi imeneyi ndaidikira zaka makumi atatu.

Achimwene, tepi ija ndi yabwinobwino! Chithunzi chinangogwedezeka, kenako abambo tulukiru. Abambo athu omwewa, atavala suti yotuwa ija, akudula keke ndi mayi wosoka amene ankatisokera mayunifolomu ulere. Kenako anyamula khanda, akulipsompsona, anthu akuomba m'manja. Makutu a khandalo ndi anu enieni.

Wokonza uja anayamba kufunafuna pansi sikulu ya wailesi yomwe sinagwe.

Ndinaganiza zonamiza amayi kuti tepi yaonongeka ndi chinyezi, koma wokonzayo anali atawauza kale kuti atibwereka deki Lamlungu likubwerali. Dzulo, ndikuwapaka mankhwala m'mawondo, ndinayamba kuizungulira nkhani. Anandidula pakamwa. Anati filimu tionera basi, koma ndikhale pafupi ndi deki, msilikali akafika pa mlatho ndizimitse monga ankachitira abambo. Anatero akuyang'ana kukhoma.

Ndiye kuti amayi akudziwa, achimwene. Zaka zonsezi ankatitonthoza za hatchi, iwo akumeza zawo. Mutu wanga waima. Kalatayi ikangofika imbani foni mundiuze: ndizimitse, kapena ndiwafunse kuti khanda lija lili kuti lero? Ndekha sindingathe.

Mulungu akusungeni. Mupereke moni kwa alamu, koma kalatayi musaisiye patebulo.

Ine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba mwathu, ngati ndikadali mzime.