Mpendero wa Siketi ya Mwiche

Loweruka, 18 Okutobala

Buku ili ndi la miyezo ya makasitomala. Ndalitembenuza, ndayambira kumbuyo. Nzeru za ba Mpundu, mphunzitsi wolangiza ana kusukulu kwa Mwiche. Lero kunali msonkhano wa makolo a Giredi 12. Akuti, "Vamene mufuna kumukalipila mwana, lembani mu buku. Buku silila." Anthu anaseka. Ine ayi. Ndinaona ngati akunena ine.

Milungu isanu tsopano Mwiche kulibe pano. Mwana wanga mmodzi yekhayo. Ali ku Matero, mu Lusaka momwe muno, kwa azakhali ake, ba Chilufya, mlongo wa malemu mwamuna wanga Bornwell.

Mlandu ndi mlomo wangawu. Mayeso oyeserera analephera masamu. Ndinanyamula pepala la zotsatira mpaka pageti la sukulu, pamaso pa anzake, ndinati ndinabereka chitsiru, mutu ngwa bambo ake. Bambo ake ali kumanda. Mwana anangondiyang'ana. Kuchokera apo, zii. Kudya osadya, m'kalasi kumangogona padesiki. Ba Mpundu anatiitana tonse, nati akapume kwa azakhali mpaka mayeso athe. Kumeneko n'kufupi ndi sukulu, ndipo mvula ikayamba Kanyama wathuyu amasanduka dambo. Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Anatinso mwana akatuluka m'mayeso tisamufunse kuti zayenda bwanji. Kumupatsa chakudya, kukhala naye chete, basi. Kenako anagawa pepala la malamulo a mayeso. Ndinatuluka asanaliwerenge, mkwatibwi wina amadikira diresi kumsika. Pepalalo ndakulungira mabatani.

Lachitatu, 22 Okutobala

Mayunifolomu a kwaya tsiku lonse. Msana. Kapenta ndaphika wa anthu awiri, kuiwala.

Ndinaimbira mlamu, ba Chilufya. "Ali che bwino, akudya, abelenga. Osamuvuta." Ndinati mumpatse foni. Manong'onong'o. Kenako, "Ati ali mu bafa." Bafa la ku Matero limenelo! Ndikaimba m'mawa ali momwemo, madzulo ali momwemo.

Asanadule anawonjeza. Akuti Mwiche wanena kuti akamaliza mayeso sabwerera ku Kanyama. Apita ku Kasama kwa agogo ake a kuchimuna, akakhale komweko. Ndinati chabwino. Chabwino chanji.

Ndamusowa. Ndilembe poyera, poti buku silinena. Ndasowa masilipasi ake pamiyala yopondapo ija ya pakhomo, phwa phwa, ngati munthu wokana kunyamula mapazi. Ndinkamukalipira nawonso. Ndiye amandilowetsera ulusi pasingano, maso anga anatha. Lero ndalimbana nayo singano mpaka misozi.

Loweruka, 25 Okutobala

Ndinauza Nsama, telala mnzanga wa pambali, kuti ndikuphunzira kukhala chete. Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Iwe Christine? Radio ya mu market?" Ndinapirira mpaka cha m'ma teni. Kenako panabwera bambo wina kudzati buluku ndamuchepetsera, pomwe yakula ndi mimba yake. Ndinamuuza zonse.

Ntchito ilipo.

Lachitatu, 29 Okutobala

Mlamu wabweretsa siketi ya sukulu ya Mwiche. Zipi yafa, mpendero wagwa. Atatembenuka ndinainunkhiza. Sopo wa kwa eni ake. M'chiuno akuti ndichepetse zala ziwiri. Zala ziwiri! Mwana wanga akutha.

Ndinakumbuka amayi anga ku Katete. Tsiku londikweza basi ya ku Lusaka anandisokera kapepala ka vesi mumpendero wa diresi. Sanandiuze. Ndinadzakapeza patapita miyezi, ndikuchapa, katafewa, ndipo ndinalira ngati mwana. Kwathu pepani wa kholo satuluka pakamwa. Amayenda m'zovala.

Ndang'amba tsamba m'buku lomwe lino. Tizilembo ting'onoting'ono, mbali zonse ziwiri. Mavesi atatu ndi manambala ake. Pansi pake: sindinabereke chitsiru, chitsiru ndine. Bambo ako anali ndi mutu wabwino kuposa wanga. Pepa, Mwiche. Usapite.

Kapepalako ndakapinda kanayi, ndakasokera mumpendero ndi manja, ulusi wabuluu wofanana ndi nsalu. Msoko woti ngakhale Nsama sangauone. Alowe nako m'mayeso, ndikhale naye pafupi iye asakudziwa. Mlamu sindinamuuze.

Lero mtima wapepuka.

Lolemba, 3 Novembala



Mayeso ayamba lero, eyiti koloko. Mvula yoyamba yeniyeni, kuyambira m'bandakucha. Ndafika kumsika cha m'ma seveni, ndikufuna mabatani a malaya a munthu. Ndikumasula pepala lija la kusukulu, maso anagwera pamzere wa zilembo zakuda. Wophunzira aliyense wopezeka ndi kapepala kolembedwa, m'thumba, m'sokosi, mumpendero wa chovala, zotsatira zake zonse zidzafafanizidwa.

Mumpendero. Analemba ndithu mumpendero.

Tizilembo tanga tija. Manambala aja. Ndani angakhulupirire kuti ndi Masalimo? Zaka khumi ndi ziwiri za sukulu ya mwana, ndazisokera ndekha ndi ulusi wabuluu.

Foni ya mlamu osayankha, ali kuntchito. Ya ba Mpundu yozimitsa. Makina ndinasiya osavundikira. Madzi mpaka m'mawondo, nsapato imodzi inatsalira m'ngalande. Minibasi ya ku tauni kuyenda ngati ili pamaliro, ina ya ku Matero kudikira idzaze. Ndinamupempha kondakitala, anangoti, "Mami, bonse tili na ma problem."

Ndinafika geti latsekedwa, eyiti itadutsa kale. Makolo saloledwa. Ndinamuchonderera mlonda mpaka anakaitana ba Mpundu. Ndinaulula zonse, madzi akuchucha m'chitenje. Anagwira pakamwa. "Ba Christine, pepala tinakupasani." Anati atsikana onse asechedwa pakhomo, mipendero kuifinya ndi zala, ndipo palibe wagwidwa. Koma kaya kadutsa osaoneka, iwo sangadziwe, ndipo m'chipindamo salowa. Kakapezeka mkati mwa mayeso, kwatha.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoti, "Nkhalani apo, muyembekeze. Akachoka, mukumbuke vamene tinakamba."

Maola awiri ndi theka pansi pa lona la mayi wogulitsa zitumbuwa. Geti likangolira, ndimati ndi uyo akumutulutsa.

Mwiche anatuluka ndi anzake onse. Wawonda zoona. Nkhope sindinayambe ndaiyang'ana, maso anathamangira kumpendero. Ulusi woyera. Msoko waukuluukulu, wokhotakhota, wa munthu amene ndinamuphunzitsa kusoka iye akuyang'ana kumbali. Si wanga. Anakapeza, anakachotsa, n'kusokanso yekha.



Anandiona. Anabwera pang'onopang'ono. Mafunso anadzaza m'kamwa: wawerenga? Wataya? Pepala linali bwanji? Ndinaluma lilime. Ndinamupatsa zitumbuwa ziwiri. Analandira, anadya chimodzi ataima pomwepo, ine ndili chete ngati chipilala. Anayang'ana phazi langa lopanda nsapato. "Mwanyowa," anatero. Basi. Anzake anamuitana, anapita.

Liwu limodzi m'milungu isanu ndi iwiri. Ndabwera nalo kunyumba.

Lachitatu, 12 Novembala

Madzi analowa m'nyumba. Matiresi ake ndayanika pamwamba pa mipando. Wogonapo palibe, koma asanunkhe.

Kusukulu sindinapitenso. Ba Mpundu anati ndimusiye alembe. Anatumiza uthenga: akudya, masamu walemba mpaka nthawi kutha. Mlamu akuti Mwiche wayamba kufunsa za mabasi a ku Kasama.

Za kapepala palibe wanenapo kanthu. Mwina anakaponya m'chimbudzi osakawerenga. Akanalakwa chiyani?

Lachinayi, 20 Novembala

Pepala lomaliza linali dzulo. Sanabwere.

Masana mlamu anatulukira kumsika ndi kapulasitiki. Siketi ija. "Ati mukonze mupendelo, unasokewa voipa." Ndinapsa mtima. Sukulu yatha, siketi ya sukulu ndi yachiyani? Kundibwezera zovala, kuti pasatsale kanthu kake kwa ine koma nsanza? Ndinaiponya patebulo. Mlamu anangonyamuka, akumwetulira ngati munthu wakuba nyama mumphika.

Nditaigwira kuti ndiipinde, mpendero unalira. Khwaa.

Lezala linandicheka chala ndi changu. Tsamba la m'kope la masamu, lopinda kanayi.

"Mami, kusoka kwanu nikuziba. Ninamvela pepala pa Sande po aina na nsimbi. Sembe mwanipaisa! Nabelenga kambili, nakasunga. Masamu yanali yovuta, osanifunsa. Nibwela pa Friday. Va Kasama tizakamba. Osakonza speech."

Nsama anandipeza ndikulira ndi kuseka pamodzi, magazi akudonthera pansalu ya kasitomala. Anafunsa chachitika n'chiyani. Sindinamuyankhe. Akuti aka n'koyamba.

Lachisanu, 21 Novembala

Kumsika sindinapite. Matiresi auma. Kapenta wa anthu awiri, lero mwadala.

Mawu ndakonza ambiri, ndisaname. Ndawalemba onse kumasamba a kumbuyoku, akhale momwemo. Za Kasama sindiyambitsa ndine.

Singano ndaisiya patebulo, yopanda ulusi.

Fayifi yakwana. Kuli mitambo. Mwina minibasi zavuta, mwina wasintha maganizo, mwina

Masilipasi pamiyala.