Wotchi ya Mivi M'miyezi ya Mdima

Vardø, 14 Disembala

Mwana wanga Ragnhild,

Ine Halvard Eilertsen, bambo ako, amene ndinaphunzitsa za dziko ndi nyenyezi pachilumba pano kwa zaka makumi anayi, ndikulemba kuti umve kwa mwini wake nkhani imene ena angakuuze moonjezera. Kodi muli bwanji ku Oslo, iwe, amuna ako ndi ana? Ine m'thupi ndilipo.

Dzuwa linalowa kumapeto kwa Novembala monga mwa chaka chilichonse. Koma namondwe wabisa ngakhale kakuwala kaja kamene timaona masana. Msewu watsekeka ndi chipale chofewa, sitima yadutsa katatu osakocheza. Ndikasuzumira pazenera ndimangoona nkhope yanga.

Ukukumbukira lalanje lija ndinkalibaya ndi singano yolukira ya malemu amayi ako, n'kulizungulitsa nyali litapendekeka? Palibe mwana anatuluka m'kalasi mwanga osadziwa kuti kupendekeka kwa dziko kotereku n'kumene kumatimana dzuwa miyezi iwiri, n'kulikaniza kulowa nthawi ya chilimwe. Chifukwa cha mdimawu ndimachidziwa bwino lomwe. Chimene chandisokonekera ndi ola.

Wotchi unatumiza ija, yonena usana ndi usiku, ikadali m'bokosi. Ndinati ya mivi ya agogo ako sinanamizepo munthu. Loweruka ndinasinza pampando nditadya. Podzidzimuka, mivi inali pa teni. Ndinamwa mapiritsi a mtima a m'mawa, ndinavala suti, n'kupita kutchalitchi. Ndinapeza chokhoma. Ndinagogoda ndi ndodo, mumtima ndikukonza kalata yodzudzula abusa pa ulesi wawo, mpaka miyendo inalefuka ndipo ndinakhala pamasitepe.

Anandipeza ndi Oddmund, woyendetsa galimoto yokankha chipale, yemwe uja ankalephera mayeso anga chaka ndi chaka. Anafunsa ngati aphunzitsi abwera kudzadzutsa Mulungu, poti linali likadali Loweruka usiku. Akuti akanapanda kudutsa, kukanacha nditauma ngati nsomba ya pathandala. Ndinamuuza kuti asamale pakamwa pake. Iye anati dziko lipendekeke, palibe kanthu, koma aphunzitsi asapendekeke nalo. Anandinyamula m'manja ngati khanda. Mapiritsi ndinali nditamwa kawiri tsiku limodzi.

Katatu konse ndakana chipinda chimene unandikonzera kwanu ku Oslo. Sindikananso kachinayi.

Wotchi yako ndaitulutsa lero, ndipo Oddmund azigogoda m'mawa uliwonse. Mu Januwale, tsiku lobwerera dzuwa, ndidzaima pamtunda ndi ana a sukulu, tidzaliimbira nyimbo yake, ndidzadya banzi lotsekemera monga mwa mwambo. Pamenepo ndidzakwera sitima yoyamba. Usabwere kudzanditenga ngati katundu. Ndidzafika ndekha, nditavala suti, pa ola loyenera.

Undiperekere moni kwa amuna ako a Aslak ndi adzukulu anga. Uwauze asunge lalanje limodzi. Singano ndibwera nayo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine bambo ako,
Halvard Eilertsen