Ndapalira M'galasi la Abwana, Udzu Wachuluka

Aphungu,

Ine kusukulu sindinapiteko, kalatayi akundilembera a Margret, akazi a mwana wanga. Mundimvere pang'onopang'ono.

Moyo wanga wonse ndinali wopalira tiyi pa esiteti. Msana utakana, ananditola a Stambuli, eni malole onyamula tiyi kupita ku Nacala, kuti ndiziwasungira pakhomo. Anandipatsanso kanyumba kuseri. Pabalaza pawo pali bokosi lagalasi la madzi amchere. M'menemo muli tinsomba tamawangamawanga ndi miyala yophuka maluwa, imene eni ake amati ndi yamoyo. Popita ku Haji, ulendo wawo wachipembedzo, anandigwira dzanja nati, "Madala, mbale zisweke, koma galasi ili ndilipeze mmene ndalisiyira."

Tsono pamiyalapo panamera tinthu tofiirira, tokhala ndi tindevu togwedera. Pamene tamera, maluwa a abwana amafota. Ine ndinati uwu ndi udzu basi, ndipo udzu ndimaudziwa. Ndinatenga mpeni n'kupala bwinobwino. Aphungu, tinali towerengeka, lero tafika mpaka pagalasi.

Mnzanga Blackson, wopopera mankhwala m'tiyi, anandiseka. "Achimwene, mwayamba kupalira m'madzi? Nako kabotolo, dontho limodzi zonse zitha." Kabotoloko kali pawindo, sindinakatsegule, mtima ukukana. Abwana abwera mwezi uno ukatha. Akandichotsa, pamsinkhu uno ndikagona kuti?

Z.N., Thyolo

Bambo Z.N.,

Choyamba, kabotoloko kabwerere kwa a Blackson lero lomwe. Sananame kuti zonse zitha: nsomba, miyala, ndi kanyumba kanu komwe.

Ndafunsa kwa odziwa kuweta nsomba za m'madzi amchere. Tinthuto si udzu, ndi tizilombo, ndipo tindevuto ndi timene timawotcha maluwa a abwana anu. Khalidwe lake ndi la kapinga. Inu mukudziwa kuposa ine kuti kapinga ukamuduladula, kachidutswa kalikonse kamaphuka. Mpeni wanu unabzala. Uikeni kukhitchini.

A Margret akakugulireni jekeseni watsopano kusitolo ya mankhwala. Finyani ndimu, musefe madzi ake, muwakokere mu jekeseniyo. Zimitsani pampu yoyendetsa madzi m'galasimo, musendeze singano mwakachetechete, chifukwa kachilomboko kakadzidzimuka kamabisala m'mwala. Bayani pakati pa tindevu, pamenepo ndiye pakamwa pake, muthire pang'ono chabe. Mukatha kumbukirani kuyatsa pampu. Patsiku bayani towerengeka basi, mandimu akachuluka amawononga madzi. Yambani ndi timene tayandikira maluwa. Mwala wopanda maluwa umene tadzazapo, uchotseni uume padzuwa. Posintha madzi thirani mchere umene abwana anasiya, wakukhitchini ayi.

Mwezi umodzi sitingathe tonse, koma maluwa adzayamba kutambasuka, ndipo ntchito yanu idzaoneka. A Stambuli akafika, musadikire kuti afunse. Aonetseni jekeseni, muwauze zonse, ndi za mpeni zomwe. Tizilomboti timabwera tobisala m'miyala kuchokera kunyanja, simunatibweretse ndinu. Munthu woweta zimenezi amazidziwa.

Chenjezo langa ndi manja anu. Mukapereka moni kwa a Blackson akuchokera kopopera, sambani ndi madzi ambiri, sopo asatsalire, musanapise m'galasimo. Mwapalira tiyi moyo wonse osazula tiyi. Dzanja lomwelo lidekhe, kanyumba kaja mugonamobe.

Aphungu